Anadya nkhumba yanga ndani? Kusaka asilikali m'mafayilo a chipukutamisozi ku America

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya pakati pa boma la Kumpoto ndi ogalukira a Kummwera, inayamba mu 1861 n'kutha mu 1865, koma milandu ya katundu amene asilikali anatenga kapena kuwononga inatha zaka makumi asanu isanazizire. Anthu zikwizikwi analembera boma kuti liwalipire akavalo, chimanga, nkhumba ndi mipanda yawo. Mapepala amenewo alipobe, ndipo ndi amene anthu okonda mbiri ya kwawo amavundukula masiku ano pofuna kudziwa asilikali amene anadutsa pa munda wakutiwakuti, tsiku limene anadutsa ndi zimene anachitapo. Ambiri amayamba ntchitoyi akusaka dzina la msilikali mmodzi, koma ochepa okha ndi amene amalipeza.

Kodi mapepala amenewa anachokera kuti?

Anachokera ku njala ya asilikali. Gulu lankhondo likakhala pa ulendo limadya tsiku lililonse, akavalo ake nawonso amadya, ndipo usiku pamafunika nkhuni. Kumene sitima ndi ngolo za chakudya sizinkafika, asilikali ankadya za eni dera. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi ulendo wa William T. Sherman, mkulu wa asilikali a Kumpoto, amene ananyamuka ku Atlanta pa 15 Novembala 1864 ndi asilikali pafupifupi 60,000, n'kulowa mu Savannah pa 21 Disembala. Iye anaisiya dala njanji kumbuyo, nalamula anyamata ake kuti azidya zimene apeza m'njira. Atafika kunyanja anawerengetsa yekha kuti zimene zinawonongeka mu Georgia zinali za madola 100 miliyoni, ndipo pa zimenezo, za madola 20 miliyoni zokha ndi zimene zinathandiza gulu lake. Zotsalazo zinangosakazidwa.

Nkhondo itatha, anthu a Kummwera amene ankati sanagalukire nawo boma anayamba kufunsa kuti: ife tinali a mbali yanu, nanga ng'ombe zathu munadya zija mulipira liti? Nyumba ya malamulo inazengereza zaka zisanu ndi chimodzi. Pa 3 Malichi 1871 inakhazikitsa bungwe la anthu atatu, limene limadziwika kuti Southern Claims Commission. Wapampando anali woweruza milandu wa ku Vermont, Asa Owen Aldis, ndipo anzake anali James B. Howell wa ku Iowa ndi Orange Ferriss wa ku New York, onse atatu a Kumpoto. Anthu anapatsidwa zaka ziwiri zokha zoperekera madandaulo, mpaka pa 3 Malichi 1873, koma kuwaunika kunatha mu 1880. Madandaulo onse anakwana 22,298, ndipo ndalama zimene ankapempha zinaposa madola 60 miliyoni.

Onsewo analipidwa?

Ayi ndithu. Ovomerezedwa anali 7,092 okha, ndipo ndalama zonse zimene zinatuluka zinali pafupifupi madola 4.6 miliyoni. Ngakhale amwayiwo kawirikawiri ankalandira zochepa poyerekeza ndi zimene anapempha.

Wodandaula ankayenera kutsimikizira zinthu ziwiri. Choyamba, kuti nkhondo yonse mtima wake unali ku boma la United States, osati kwa ogalukira a Confederate. Chachiwiri, kuti katundu wakeyo anatengedwa ndi gulu lankhondo la boma kuti akagwire ntchito ya gululo: kudyetsa asilikali, kudyetsa akavalo, kukoka ngolo, kusonkhera moto. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Boma linkavomera ngongole ya zimene linadya, koma linkakana mlandu wa zimene linaswa. Nyumba yotenthedwa, tirigu wopondedwa pomenyana, wotchi kapena diresi limene msilikali anatuluka nalo m'nyumba mozemba, zonsezi linkati ndi tsoka la nkhondo kapena umbava wa munthu payekha, ndipo silinkalipira.

Taganizirani za mlimi wa m'chigwa cha Shenandoah ku Virginia. Mu Seputembala ndi Okutobala 1864 Philip Sheridan, mkulu wa asilikali a Kumpoto, anatentha chigwacho kuti adani asapezemo chakudya, ndipo iye mwini analemba lipoti loti watentha nkhokwe zoposa 2,000 ndi zigayo zoposa 70. Mlimi amene tsiku limodzi lomwelo anaona nkhokwe yake ikuyaka, kavalo wake akutengedwa, ankatha kupempha ndalama za kavaloyo, koma za nkhokwe ayi. Udzu umene akavalo a asilikali anadya unali ngongole ya boma. Udzu womwewo ukapsera m'nkhokwe unali wotayika basi. N'chifukwa chake m'mafayilomu mwadzaza mitengo ya mpanda. Minda ya kumeneko inkatchingidwa ndi mitengo yong'aluza, yosanjikiza, youma bwino, ndipo asilikali akamanga msasa usiku umodzi wokha mpanda wonse unkathera pamoto. Popeza inaphikira asilikali, mitengoyo inkatengedwa ngati nkhuni, ndipo eni ake ankaiwerenga mpaka masauzande.

Nanga mtima wa munthu ankaudziwa bwanji?

Ankafunsa, n'kufunsanso. Bungweli linali ndi mndandanda wa mafunso amene wodandaula aliyense ankayankha atalumbira, ndipo pofika mu 1874 mafunsowo anali 80. Munavotera mbali iti pa nkhani yopatuka ku United States? Kodi munali ndi mwana kapena mbale m'gulu la ogalukira, ndipo munamupatsapo ndalama, zovala kapena kavalo? Munagulitsapo kanthu ku boma la Confederate? Mutamva kuti asilikali a Kumpoto agonja pa nkhondo ya Bull Run, mumtima munamva bwanji?

Mayina a odandaula ankasindikizidwa ndi kuikidwa poyera kuti wodziwa zina anene, ndipo anthu ankanenadi, ena chifukwa chokonda chilungamo, ena chifukwa cha chidani chakale. Bungweli linalinso ndi anthu ake oyendayenda ofufuza m'madera. Koma chida chake choopsa chinali mapepala a boma la Confederate amene anagwidwa nkhondo itatha. Munthu ankalumbira kuti sanathandizepo ogalukira, kenako kalaliki ku Washington n'kutulutsa lisiti lokhala ndi siginecha yake, losonyeza kuti anawagulitsa chimanga. Ku Virginia kunali vuto linanso. Voti ya pa 23 Meyi 1861, yovomereza kupatuka, inali yapakamwa, pagulu, ndipo dzina la munthu linkalembedwa pamodzi ndi mbali imene wasankha. Alimi ambiri a mipingo ya Mennonite ndi Brethren, imene imakaniratu nkhondo, anavotera kupatukako chifukwa cha mantha, ndipo patapita zaka khumi voti imeneyo inamanitsa ena a iwo chipukutamisozi.

Bungweli linali louma mtima, osakana. Koma kuuma mtima kwakeko ndi kumene kunanenepetsa mafayilowa. Likanakhala lachifundo, bwenzi tili ndi malisiti okhaokha.

Mukatsegula fayilo imodzi mumapezamo chiyani?

Pamwamba pamakhala chikalata cha pempho, chokhala ndi mndandanda wa katundu ndi mtengo wake: kavalo wamkazi mmodzi, nkhumba zakuti, chimanga chakuti, nyama yofutsa yolemera mwakuti. Kenako pamabwera umboni wolembedwa pamanja, wa mwini dandaulo ndi wa mboni zake, umene nthumwi ya bungweli inkatenga m'tauni yapafupi. A madandaulo a ndalama zambiri okha ndi amene ankaitanidwa ku Washington. Kumapeto kumakhala chigamulo, nthawi zambiri chachifupi, ndi mizere itatu ya manambala: zopemphedwa, zololedwa, zokanidwa.

Zokoma zili mu umboniwo. Mboni inkafunsidwa kuti katunduyo anatengedwa masana kapena usiku, poyera kapena mobisa, panali mkulu wa asilikali kapena ayi, anamunyamula pa chiyani, analowera naye kuti, mwini wake anadandaula kwa ndani ndipo anayankhidwa chiyani. Poyankha zimenezi, anthu amene sanasiye kalata kapena buku lililonse padziko pano amalankhula: mkazi wamasiye, mnyamata amene nthawiyo ankadyetsa ziweto, wantchito wa pakhomo. Amatchula msewu, doko la pamtsinje, tchalitchi pamene panali msasa, msinkhu wa kavalo ndi kumene anagulidwa. Pofotokoza chifukwa chimene akumudziwira wodandaulayo, amatchulanso chibale: uyu ndi mlamu wanga, uyu tinakulira pamodzi, uyu anakwatira mchemwali wa mkazi wanga. Wofufuza amene amangowerenga fayilo ya agogo ake yokha amataya zambiri. Asilikali ankalowa khomo ndi khomo, choncho mafayilo a oyandikana nawo amanena za tsiku lomwelo, ndipo nthawi zina agogowo amapezeka ali mboni m'fayilo ya munthu wina.

Akuti ena mwa odandaulawo anali akapolo pa nthawi ya nkhondo. Kapolo anali ndi katundu wanji?

Pamalamulo analibe, chifukwa iye mwini ankawerengedwa ngati katundu wa wina. Koma m'madera olima mpunga a m'mphepete mwa nyanja ku Georgia ndi South Carolina, akapolo ankapatsidwa ndime ya tsiku, ndipo akaimaliza nthawi yotsalayo inali yawo. Ankalima timinda tawo, kuweta nkhuku, kugulitsa, kugula kankhumba, mpaka ena kufika pokhala ndi ng'ombe, kavalo ngakhale ngolo. Mu Disembala 1864 asilikali okwera pa akavalo a Judson Kilpatrick pamodzi ndi magulu ena a Sherman anasesa boma la Liberty, kummwera kwa Savannah, ndipo sanasankhe khola la mzungu kapena la kapolo. Anthu amene anabwera ndi ufulu ndi omwewo amene anadya nkhumba.

Oweruza a ku Washington poyamba ankakayika: kodi nkhumbazi sizinali za mbuye wawo? Odandaulawo analibe chikalata chilichonse, choncho umboni wawo unali anthu. Mboni inkanena kuti nkhumbazo inkaziona pabwalo la mwini wake tsiku ndi tsiku, inkadziwa zizindikiro za m'makutu mwake, inkadziwanso kuti anayamba ndi imodzi imene anasiyiridwa ndi bambo ake. Aliyense amene anamverapo mlandu wa mbuzi pabwalo la a nyakwawa aidziwa njira imeneyi: chiweto ndi cha uje chifukwa mudzi wonse ukudziwa mayi wa chiwetocho ndi kumene anachokera. Olemba mbiri Philip Morgan ndi Dylan Penningroth anagwiritsa ntchito mafayilo a ku Liberty posonyeza kuti pakati pa akapolo panali dongosolo lonse la umwini ndi kusiyirana chuma limene malamulo a boma sankaliona.

Mmodzi mwa mboni zotchuka ndi Nancy Johnson, amene mu 1873 anachitira umboni mwamuna wake Boson ku Savannah. Anafotokoza kuti banja lawo linabisapo msilikali wa Kumpoto amene anathawa kundende ya ogalukira, koma anzake a msilikaliyo atafika anatenga kavalo, nyama, nkhumba ndi nkhuku zawo. Anapempha madola opitirira 500, anapatsidwa 155.

Tsono dzina la msilikali amene anatenga kapena kuswa katunduyo limapezekamo?

Mwa apo ndi apo. Zifukwa zake ndi zingapo, ndipo wofufuza akazidziwa sataya nthawi.

Umboni unkaperekedwa patapita zaka zisanu ndi ziwiri, khumi kapena kuposerapo. Anthu amene analowa pabwalo anali alendo, ovala zofanana, ambiri nthawi imodzi, ndipo palibe amene ankadzitchula dzina. Mboni imangoti anali anthu a Sherman, kapena a Kilpatrick, kapena okwera pa akavalo ovala zobiriwira ngati thambo. Lisiti likanathandiza, popeza limakhala ndi siginecha ya mkulu ndi dzina la gulu lake, koma lamulo la Sherman la pa 9 Novembala 1864 linanena mosabisa kuti otolera chakudya asamapereke malisiti. Lamulo lomwelo linaletsa asilikali kulowa m'nyumba za anthu, ndipo linati kutentha nyumba ndi zigayo kuzilamulidwa ndi akuluakulu okha. Zimene zinkachitika kutali ndi maso a akuluakuluwo ndi nkhani ina.

Chifukwa chachikulu n'chakuti lamulo la chipukutamisozi linkakhotetsa umboni. Wodandaula, ndipo makamaka loya wake amene ankadya nawo pa ndalama zotulukazo, ankadziwa kuti akanena kuti anyamata atatu oledzera anathyola chitseko usiku, dandaulo lafa. Choncho nkhani inkakambidwa mwa mtundu wina: kunali masana, panali munthu wooneka ngati mkulu, katundu anakwezedwa m'ngolo ya asilikali n'kulowera ku msasa. Sikuti onse ankanama. Ankasankha zonena, ndipo zimene ankasiya ndi zomwe wofufuza wa lero akufuna: chiwawa, kutukwana, kuswa ziwiya, nkhope ya amene anachita. Fayilo yokanidwa nthawi zina imanena zoona zambiri kuposa yovomerezedwa, chifukwa mwini wake sanadziwe zoyenera kubisa.

Ndiye wofufuza amayambira pati?

Amayambira pa tsiku ndi malo, dzina limabwera pambuyo ngati libwera n'komwe. Akasonkhanitsa mafayilo a khomo zingapo za msewu umodzi, tsiku limayamba kuoneka, chifukwa wina amakumbukira mwezi, wina amakumbukira kuti linali Lamlungu, wina amati anali atangopha nkhumba za nyengo yozizira. Kenako amatsegula mabuku a boma otchedwa Official Records, mabuku 128 amene anasindikizidwa kuyambira 1880 mpaka 1901, momwe muli malipoti ndi malamulo a akuluakulu a mbali zonse ziwiri. Mmenemo amaona gulu limene linayenda msewu umenewo ndi pamene linagona. Buku la Frederick Dyer la mu 1908 limalondola rejimenti iliyonse ya Kumpoto, kumene inali mwezi ndi mwezi. Mboni ikakumbukira baji ya pachipewa zimathandizanso, chifukwa magulu akuluakulu anali ndi zizindikiro zawo. Nyenyezi, mwachitsanzo, inali ya gulu la nambala 20 pa magulu anayi oyenda pansi a Sherman.

Zikatero chiwerengero chimatsika kuchoka pa 60,000 kufika pa masauzande ochepa, mwinanso pa rejimenti imodzi ya anthu mazana angapo. Apa wofufuza amasaka makalata ndi mabuku a zochitika za tsiku ndi tsiku amene asilikali a rejimentiyo analemba. Anyamata amenewa ankalemba kwambiri, ndipo nkhani ya chakudya sankaiiwala. Mbali inayo nayonso inkalemba. Ku Liberty komweko, Mary Jones ndi mwana wake Mary Mallard, a banja la eni akapolo, analemba tsiku ndi tsiku za magulu amene ankafika pa munda wawo wa Montevideo, ndipo zolemba zawo zikaikidwa pambali pa umboni wa akapolo a m'deralo, masiku amagwirizana ngakhale maganizo akusiyana kutalitali.

Msilikali aliyense ali ndi fayilo ya ntchito yake, yochokera m'kaundula amene ankaitanidwa miyezi iwiri iliyonse, ndipo imasonyeza ngati analipo, anali kuchipatala kapena anatumidwa kwina. Imathandiza kwambiri pochotsa munthu pa mlandu kusiyana ndi pomuikapo. Kumene dzina ndi mlandu zimakumana maso ndi maso ndi m'mafayilo a makhoti a asilikali, chifukwa kuba ndi kufunkha zinali zoletsedwa, ndipo malamulo a nkhondo amene Francis Lieber analemba, amene mtsogoleri wa dziko Abraham Lincoln anavomereza mu Epulo 1863, anabwereza chiletsocho. Koma ozengedwa mlandu anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi makola amene anatsala opanda kanthu.

Palibe malo amene asilikali anasiya mayina awo okha?

Alipo, ndipo amasangalatsa. M'nyumba zina za ku Virginia zimene zinasanduka misasa kapena zipatala, asilikali ankalemba pazipupa ndi pensulo kapena makala a pamoto. Ku Brandy Station kuli nyumba imene zolemba zake zinatulukira mu 1993 pamene ankaikonza. Pansi pa penti ndi mapepala omata kukhoma panali mayina ndi zithunzi za asilikali a mbali zonse ziwiri. Ku Fairfax, nyumba ya Blenheim ili ndi masiginecha oposa 100 a asilikali a Kumpoto a mu 1862 ndi 1863, ambiri m'chipinda cha kudenga, ena atalemba ndi rejimenti yawo yomwe. Anthu odzipereka a m'deralo akhala akulondola mayina amenewa limodzilimodzi m'mafayilo a ntchito ndi a penshoni, mpaka kudziwa amene anafera ku nkhondo ndi amene anakalamba ali mlimi kwawo.

Pamafunika kudziletsa apa. Dzina la pakhoma likutiuza kuti munthuyo anaima m'chipindamo atagwira khala m'manja. Silikutiuza kuti ndi iye anaphwasula mpanda kapena kutenga kavalo. Mnyamata wodwala malungo a m'mimba amene anagonekedwa m'nyumbamo sabata imodzi akhoza kusenzetsedwa mlandu wa gulu limene linadutsa chaka china, chabe chifukwa iye yekha ndi amene anasaina. Zidzukulu zake zilipo, ndipo zimawerenga zimene zimaikidwa pa intaneti.

Nanga akuluakulu olamula, iwo sadziwika?

Iwo amadziwika, koma ngakhale pamenepo chala chimatha kuloza wolakwika. Pa 2 Meyi 1862 asilikali a Kumpoto otsogoleredwa ndi John Basil Turchin, mbadwa ya ku Russia, anafunkha tauni ya Athens ku Alabama. Khoti la asilikali, limene wapampando wake anali James A. Garfield amene pambuyo pake anadzakhala mtsogoleri wa dziko, linamva umboni wa eni masitolo ndi eni nyumba, linamupeza wolakwa, n'kugamula kuti achotsedwe ntchito. M'malo mwake anakwezedwa udindo ndi Lincoln. Kwa wofufuza wa ku Athens, zolemba za khoti limenelo ndi chuma, chifukwa muli mayina a marejimenti, a akuluakulu ndi a anthu amene anaberedwa.

Ku Darien, m'chigawo cha Georgia, tauni inatenthedwa pa 11 Juni 1863. Analamula ndi James Montgomery wa Kumpoto, koma panalinso rejimenti ya asilikali akuda ya 54th Massachusetts ndi mtsogoleri wake Robert Gould Shaw. Shaw anafa patangotha milungu isanu pa nkhondo ya Fort Wagner, dzina lake linatchuka, ndipo kwa zaka zingapo anthu a ku Darien ankaloza iye. Makalata amene analembera abale ake masiku omwewo ndi amene anasonyeza kuti anatsutsa lamulolo ndipo linamunyansa.

Umboni wolumbirira ndi wodalirika motani?

Nkhani ya Columbia, likulu la South Carolina, ikuyankha. Mzindawu unapsa usiku wa pa 17 Febuluwale 1865, tsiku limene asilikali a Sherman analowamo. M'misewu munali mabelo a thonje, kunali chimphepo, ndipo mowa unali mbwee. Sherman m'lipoti lake ananena kuti moto unayamba ndi Wade Hampton, mkulu wa ogalukira, amene akuti anayatsa thonjelo pothawa. Nzika za ku Britain zimene katundu wawo anapsa zinakadandaula ku bungwe la mayiko awiriwa limene linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Washington la mu 1871. Sherman ndi akuluakulu ena anapereka umboni atalumbira, ndipo madandaulo a ku Columbia anakanidwa. Koma mu 1875, m'buku la mbiri ya moyo wake, Sherman anavomera kuti Hampton anamutchula dala pofuna kuti anthu a kwawo asiye kumukhulupirira. Mpaka lero olemba mbiri amatsutsanabe za gawo la moto limene linali la mphepo ndi limene linali la asilikali oledzera. Ngati lipoti la mkulu wa gulu lonse lingakhote chotere, la mlimi wofuna madola 200 lisawerengedwe lokha popanda lina pambali.

Kodi a Kumpoto, kumene nkhondo inafikako, zinawayendera bwino?

Osati kwenikweni. Lamulo la pa 4 Julayi 1864 linalola anthu a m'zigawo zokhulupirika kupempha malipiro, koma mfundo inali yomweyo: zodyedwa inde, zoswedwa ayi, ndipo zowonongedwa ndi adani ndiye musatchule n'komwe. Abraham Brian, mlimi wakuda wa ku Gettysburg, anathawa ndi banja lake nkhondo ya pa 1 mpaka 3 Julayi 1863 isanayambe, popeza ogalukira ankagwira anthu akuda n'kuwatumiza Kummwera. Kamunda kake kanali pa mzere weniweni pamene panathera chiwembu chachikulu cha tsiku lachitatu. Anabwerera n'kupeza nyumba itabooka ndi zipolopolo, mipanda kulibe, mbewu zitapondedwa. Anapempha madola 1,028, anapatsidwa 15, ya udzu umene akavalo a boma anadya.

Ku Chambersburg, m'chigawo chomwecho cha Pennsylvania, John McCausland wa ogalukira anafika pa 30 Julayi 1864 atatumidwa ndi Jubal Early kuti akalipiritse tauniyo madola 100,000 a golide kapena 500,000 a mapepala, pobwezera nyumba zimene David Hunter wa Kumpoto anatentha ku Virginia. Ndalamazo sizinaperekedwe, ndipo nyumba zoposa 500 zinapsa. Apa amene anathandiza ndi boma la chigawo, limene mu 1866 linapereka madola 500,000 kuti agawane. Pofuna gawo lawo, anthu analemba zonse zimene zinali m'nyumba zawo, kuyambira mabedi mpaka masupuni, ndipo mindandanda imeneyo lero imaonetsa mmene banja la m'tauni yaing'ono linkakhalira mu 1864. McCausland anatsegulidwira mlandu wotentha nyumba, anathawira kunja kwa dziko, anabwerera, ndipo anamwalira mu 1927 asanaimepo m'khoti pa mlanduwo.

Mafayilowa ali kuti, ndipo okanidwa aja anathera pomwepo?

Ali ku National Archives, koma sali malo amodzi, ndipo apa ndi pamene oyamba kumene amasokonezeka. Ovomerezedwa anapita ku nthambi ya zachuma imene inalipira, okanidwa anatsala m'mapepala a nyumba ya malamulo. Kaundula wa mayina amene Gary Mills anasindikiza mu 1994 amathandiza kudziwa kuti dandaulo linagwera mbali iti, ndipo zithunzi za mafayilo ambiri zili pa intaneti, monga pa Fold3. Ntchito yaikulu yowerenga zolemba zapamanjazi yachitidwa ndi anthu a m'madera momwemo. Ku Rockingham, m'chigwa cha Shenandoah, Norman Wenger ndi David Rodes anakopera madandaulo a alimi a kumeneko n'kuwasindikiza m'mabuku angapo mothandizana ndi Emmert Bittinger. Edward Ayers ndi anzake a ku University of Virginia, kuyambira mu 1993, anaika pamodzi zolemba za boma la Augusta ku Virginia ndi la Franklin ku Pennsylvania, kumene kuli Chambersburg, kuti wowerenga aone madera awiri a chigwa chimodzi amene anatenthedwa ndi mbali zosiyana.

Okanidwa ambiri sanagonje. Malamulo a mu 1883 ndi 1887, odziwika ndi mayina a Bowman ndi Tucker, anatsegula njira yopititsa madandaulo ku khoti lotchedwa Court of Claims, ndipo fayilo ikasowa pamene imayembekezeka, kawirikawiri imakhala kuti inasamukira kumeneko, itanenepa ndi umboni watsopano wa ana ndi adzukulu. Masukulu ndi matchalitchi ankapita okha ku nyumba ya malamulo. Nyumba yaikulu ya koleji ya William and Mary ku Williamsburg inatenthedwa mu Seputembala 1862 ndi asilikali oledzera a rejimenti ya 5th Pennsylvania Cavalry. Mkulu wa kolejiyo, Benjamin Ewell, anapita ku Washington kangapo kukapempha, ndipo madola pafupifupi 64,000 anavomerezedwa mu 1893, iye n'kumwalira chaka chotsatira. Matchalitchi ambiri a Kummwera amene anasandutsidwa zipatala, makola a akavalo kapena kuphwasulidwa kuti matabwa ake amangire misasa anadikira mpaka mu 1915.